Kulira kwa gemu yakale ndi phunziro la mafunde

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, mutu wa mafunde mu Fizikisi umatigwetsa ambiri pa MSCE chifukwa timangoloweza v = fλ osamva chimene chikuchitika. Ine ndikufuna tiuyambire pa chinthu chimene ambirife tinachigwirapo: gemu ija yolumikiza ku TV, ya makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu 9999999 pomwe mulimo ochepa chabe obwerezabwereza. Ena mumaikumbukira ndi Mario, ena ndi kamfuti kowombera abakha. Kulira kwake kuja, ti-ti-ti, tuu-tuu, ndi mafunde amene mungawamve ndi khutu n'kuwawerengera ndi cholembera.

Makina amene timawaona kunowa ndi okopera. Eniake ndi a Nintendo a ku Japan, amene anatulutsa Famicom mu 1983, n'kuyamba kuigulitsa ku America mu 1985 ndi dzina loti NES. M'kati mwake muli chip yotchedwa Ricoh 2A03, ndipo ndi yomweyo imene imayendetsa gemu n'kumaimbanso. Mulibe nyimbo yojambulidwa ngati ya pa memori khadi ayi. Gemu yonse ya Super Mario Bros. ya 1985 ndi 40 KB basi, pomwe nyimbo imodzi ya MP3 ya mphindi zinayi imadya pafupifupi 4 MB, kuchulukitsa ka 100. Ndiye nyimbo imachokera kuti? M'kasetimo muli malangizo okha, ngati d : r : m zija za m'kope la akwaya. Woimba ndi chip.

Kwaya yake ndi ya mawu asanu. Awiri amaimba square wave, amodzi triangle wave imene imagwira ntchito ya besi, amodzi ndi phokoso la shii lopangira ng'oma ndi kuphulika kwa mabomba, ndipo achisanu amaseweretsa timawu tifupitifupi tojambulidwa.

Tiime pa square wave, poti phunziro lagona pamenepa. Chip imayatsa ndi kuzimitsa magetsi opita ku sipika mofulumira kwambiri. Akayaka, kapepala ka sipika kamakankhidwira kunja, akazima, kamabwerera. Kakamatero ka 440 pa sekondi, frequency ndi 440 Hz, ndipo oimba amati imeneyo ndi noti ya A. Liwiro la mawu mumpweya ndi pafupifupi 340 m/s, choncho wavelength ndi 340 ÷ 440, pafupifupi 0.77 m. Mukafika pa 880 Hz mumamva A yemweyo koma wam'mwamba, wavelength n'kutsika kufika pa 0.39 m. Kukwera kwa mawu ndi frequency, kukula kwa mawu ndi amplitude. Awiriwa timawasokoneza chifukwa m'Chichewa timangoti "kweza" pa zonse. Pa chip imeneyi amplitude ya square wave ili ndi masitepe 16, kuyambira 0 mpaka 15, koma besi ija ilibe volyumu: imaimba kapena kukhala chete.

Nanga quality ya mawu, imene aphunzitsi amati imadalira maonekedwe a funde? Chip imalola kuti magetsi akhale oyaka 12.5%, 25%, 50% kapena 75% ya nthawi ya funde limodzi. Frequency yomweyo, amplitude yomweyo, koma 50% imamveka yodzaza ngati chitoliro, pomwe 12.5% imamveka yowonda ngati munthu wotsina mphuno. N'chimodzimodzi kaligo ndi wezulo zikaimba noti imodzi, simungazisokoneze. Chondiseketsa n'chakuti ma chip ena okopera anasinthanitsa 25% ndi 50%, moti enafe tinakula tikumva Mario wa mawu amene mwini nyimbo, Koji Kondo, sanawakonze.

Poti mawu oimba manoti ndi atatu okha, opeka nyimbo ankachita kugawa mosamala. Mvetserani bwino Mario akadumpha kapena akatola ndalama: mbali imodzi ya nyimbo imasowa kanthawi, chifukwa phokosolo labwereka mawu a woimba mmodzi. Njira ina inali yosinthasintha manoti atatu pa mawu amodzi mwaliwiro kwambiri, khutu n'kumaganiza kuti akuimba atatu. Kunjenjemera kwa prrr kuja n'kumeneko.

Palinso nkhani ya liwiro. TV za ku Japan ndi ku America zinkaonetsa zithunzi 60 pa sekondi, zathu za PAL 50. Gemu imawerenga nthawi ndi zithunzizo, ndiye pa makina okopera a 50 Hz nyimbo ya masekondi 60 imatha masekondi 72. Koma manoti satsika motero, chifukwa frequency yawo imachokera ku koloko ya chip, osati ku zithunzi. Kuyenda pang'onopang'ono kwa nyimbo ndi kutsika kwa mawu ndi zinthu ziwiri zosiyana, musadzalembe ngati n'chimodzi.

Lero kuli anthu amene amafuna dala mawu amenewa, ndipo nyimbo zake amazitcha chiptune. Ambiri amagwiritsa ntchito Game Boy, kagemu kam'manja ka 1989 ka mawu anayi, ndi pulogalamu ya Little Sound Dj imene Johan Kotlinski wa ku Sweden anatulutsa mu 2000. Amatsegula kagemuko, kuwotcherera mawaya kuti mawu atuluke oyera kupita ku zokuzira mawu, kuikamo kuwala kumbuyo kwa sikirini, basi n'kukaimba nako pa dansi. Ine sindiona kusiyana ndi anyamata a kuno opanga banjo ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga. Wokhala ndi kompyuta angayese FamiTracker, ndi yaulere. Amalume anu amene anali ndi Nokia 3310 angakuuzeni momwe ankalembera ringitoni pa Composer, noti imodziimodzi.

Tsopano kwa amene muli ndi gemu yotere m'katoni kunyumba. Kuno kwa Nazombe nyumba zambiri zimadalira batire ya sola ya 12 V, ndipo ndi pamene makinawa amapsera. M'kati amafuna 5 V. Akale amakhala ndi kachipangizo ka miyendo itatu kolembedwa 7805, kamene kamatsitsa magetsi, otsalawo n'kusanduka kutentha. Tiyerekeze kuti gemu ikukoka 0.3 A: P = VI, ndiye 7 × 0.3 = 2.1 W. N'zokwanira kukuotchani chala, choncho kamangirireni kachidutswa ka aluminiyamu. Ena atsopano alibiretu 7805, amalandira 5 V mwachindunji. Amenewo 12 V imawapha pompo. Onaninso + ndi −, chifukwa pa Famicom pakati pa pulagi ndi −, mosiyana ndi zipangizo zambiri. Werengani chizindikiro pa bokosi, ndipo pemphani wokonza mawailesi pa Chiringa akupimireni ndi mita. Chip ikapsa, makamaka ija yokwiriridwa m'kadontho kakuda ngati phula, palibe angaidzutse.

Kaseti ikakana musaiuzire ndi pakamwa, chinyezi chimawononga timano take 60 tija. Pukutani ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti. TV yachimbuyo ija musaitsegule n'komwe, imasunga magetsi oopsa ngakhale mutaizula pa soketi.

Amene mulibe gemu, square wave mungaipange nokha ndi chip ya miyendo isanu ndi itatu yotchedwa 555, batire ya 9 V, ma resistor awiri, ma capacitor ndi sipika ya wailesi yakufa. Frequency yake ndi f = 1.44 ÷ ((R1 + 2R2) × C). Mukaika R1 ya 1,000 Ω, R2 ya 10,000 Ω ndi C ya 0.1 µF, mupeza pafupifupi 686 Hz. M'malo mwa R2 mukaikapo kopotokola volyumu ka wailesi yomweyo, mawu azikwera ndi kutsika mukamapotokola.

Funso la sabata ino: C ikakhala 0.2 µF, frequency ikhala chani, nanga wavelength mumpweya? Lembani pa kapepala pamodzi ndi njira yake, mukhome pansi pa nkhaniyi lisanafike Lachisanu.