Makolo akana kuti mwana akapimidwe, kodi ndimutenge mobisa?

Azakhali,

Ndine mlezi pa sukulu ina ya mkombaphala kuno kwa Kabudula. M'gulu langa muli mnyamata wa zaka 5 amene salankhula. Amangoti "ama" ndi "mazi", zina zonse amaloza ndi chala. Ukamuitana uli kumbuyo sacheuka, koma akakuona nkhope amachita zimene wanena. Amayi ake akuti anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka ali ndi zaka ziwiri. Alangizi a zaumoyo analemba m'buku la kusikelo kuti akapimidwe kuchipatala chachikulu, koma bambo ake akana. Akuti nawonso analankhula mochedwa. Agogo ake aakazi akuti ndi za anthu, ndipo akufuna wina wa m'mudzi akamudule pansi pa lilime. Chaka chamawa anzake ayamba Sitandade 1. Ndaganiza zongomutenga tsiku lina ndi ndalama zanga, osawauza. Kodi ndingalakwe?

Mlezi wodandaula, Kabudula

Mayi anga,

Mtima wanu ndi wabwino, ndipo maso anu aona zoona. Koma mwanayo musamutenge mobisa. Ngakhale mutafika naye kuchipatala, adzakufunsani kuti kholo lili kuti, chifukwa mwana wamng'ono sapimidwa popanda chilolezo cha omulera. Ndipo mukabwerera kumudzi mudzapeza nkhani yasanduka ina: mlezi waba mwana. Makolowo adzamuchotsa pasukulu, ndiye kuti munthu mmodzi yekha amene amamumvetsa wamutaya.

Zimene mwafotokozazi zikundiloza ku makutu, osati ku lilime. Mwana amaphunzira kulankhula pomva. Ambiri pofika chaka chimodzi amakhala ndi mawu awo oyamba, pa zaka ziwiri amalumikiza mawu awiri monga "ndipatse madzi", ndipo pa zaka zitatu amacheza. Wa zaka 5 amene ali ndi mawu awiri okha, sacheuka akaitanidwa, ndipo anadwalapo malungo okomola, si woyenera kumudikira. Malungo ofika ku ubongo, matenda oumitsa khosi ndi mafinya otuluka m'makutu kwa nthawi yaitali zimatha kuononga kumva. Ine si dokotala wake, ndiye sindinganene kuti vuto ndi limeneli. Chotsimikiza ndi kupima basi.

Tsono funso ndi lakuti bambowo akukana chiyani kwenikweni. Kawirikawiri "ayi" wa bambo amakhala atafunda chinthu china. Mwina ndi ndalama: kabaza kukafika pamsewu, minibasi mpaka mumzinda, chakudya cha anthu awiri, ndi tsiku lathunthu losapita kumunda. Mwina ndi manyazi, kuopa kuti chipatala chikalemba dzina la vutolo ndiye kuti m'mudzi monse adziwa kuti pakhomo pawo pali mwana wolumala. Mwinanso akuopa kuti mwana akawalanda n'kumutumiza kusukulu yakutali. Ena amaopa mlandu, poti mwana akakhala chonchi pamayamba kulozana zala, akuchimuna kunena akuchikazi. Izi simungazimve mutawaimitsa pa mjigo kapena pa msonkhano wa komiti. Pitani kunyumba kwawo madzulo, mukhale pamphasa, muyambe ndi kuyamikira mwana: ndi wochenjera, amathandiza anzake, amaona zinthu msanga. Kenako mufunse kuti, "Inu mukuona bwanji?" Mukafunsa, khalani chete, mumve mpaka amalize.

Nkhani ya ufiti musalimbane nayo. Simungawagonjetse agogo pa mtsutso umenewo, ndipo si ntchito yanu. Ngati akufuna kupemphera, apemphere. Chimene muyenera kukana poyera ndi lumo. Kamnofu ka pansi pa lilime kakakhala kakafupi kamatha kusokoneza katchulidwe ka mawu ena, koma sikaletsa mwana kulankhula, ndipo sikamuletsa kucheuka akaitanidwa. Kudula kumudzi kungabweretse kutaya magazi ambiri, chilonda chonyeka, ngakhale kafumbata. Muwapemphe agogowo mwaulemu kuti, "Tiyeni tione kaye makutu, lilime lisakhudzidwe."

Musaiwalenso kuti kwathu kuno mwana ali ndi eni ake ambiri. Pakati pa Achewa mawu a atsibweni, eni mbumba, amalemera. Muwafunse amayi a mwanayo ngati angalole kuti inu ndi alangizi a zaumoyo mucheze ndi atsibweni ake. Mupite amayiwo atavomera, osati kuwadumpha, kuti bambo asamve ngati mwawasumira.

Mukamapempha, pemphani chinthu chimodzi chaching'ono: kupima makutu. Musatchule sukulu ya ana osamva, musatchule chilema. Muwafotokozere kuti popima palibe jakisoni kapena opaleshoni. Amayang'ana m'khutu ndi katochi, amaika kachipangizo kofewa pakhomo pa khutu, ndipo mwana amakhala pamiyendo ya amayi ake. Poyambira ndi pafupi, ku chipatala cha Kabudula, komwe angaone ngati muli mafinya kapena phula ndi kulemba kalata yopitira ku Kamuzu Central Hospital. Ku Area 47, pa African Bible College, kulinso kiliniki ya makutu. Ngati chovuta ndi ndalama, gwirizanani nthawi imene fodya wagulitsidwa ku Kanengo kapena soya ndi mtedza zatuluka m'munda. Ndipo muwauze kuti zotsatira zikatuluka, oganiza chochita adzakhala iwo.

Akakanabe, lemekezani, koma musamusiye mwanayo. Akatswiri ophunzitsa kulankhula ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, choncho ngakhale ana amene apimidwa amathandizidwa kwambiri ndi amayi awo ndi alezi ngati inu. Mukhazikeni kutsogolo. Polankhula naye gwadani kuti maso anu alingane ndi ake, pamalo powala, aone milomo yanu. Mawu akhale aafupi, obwerezedwa pa chinthu chimene wagwira: "Phala. Phala lotentha. Idya phala." Akaloza kapu, mutchule dzina lake n'kumupatsa. Musamumane chinthu kuti mpaka anene, poti zimenezo zimangomuopsa. Manja ake ndiwo chilankhulo chake pakali pano, ndipo sachedwetsa kulankhula, choncho muziyankha. Nyimbo zowomba m'manja ndi zovina aziimba nawo. Mwana aliyense womutcha gonthi mumuletse pomwepo. Zimene mukuchitazi muziwaonetsa amayi ake kuti azichita pophika ndi pomusambitsa, ndipo mawu atsopano alionse muzilemba m'kope ndi tsiku lake. Pakatha miyezi itatu mupite nalo kope limenelo kwa bambo. Asanayambe Sitandade 1, makolo akalola, mudziwitse ahedi ndi alangizi a sukulu za pulaimale (a PEA) kuti aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, amene amaphunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu, amudziwe.

Pali malire amodzi. Mwana akayamba kugwa khunyu, kutuluka mafinya onunkha m'khutu, kuiwala mawu amene anali nawo, kapena mukamva kuti tsiku lodula lilime lakonzedwa, musadikirenso. Uzani alangizi a zaumoyo ndi oona za chitetezo cha ana m'dera lanu tsiku lomwelo. Lamulo loteteza ana la 2010 limapatsa a zachisamaliro cha anthu mphamvu yolowererapo moyo wa mwana ukakhala pangozi. Makolowo muwauze maso ndi maso kuti mukukanena, ndi chifukwa chake.

Pitani kwa amayi ake sabata ino, ndipo mundilembere zimene atsibweni anena.

Azakhali anu