Kamera yotchipa kapena yodula: mugule iti?

Ngati mumajambula zithunzi za ziphaso ndi za ana asukulu pa Mponela kapena pa boma la Ntchisi, kamera ya mirrorless yoyambira, monga Canon EOS R50, ikukwanirani. Ndalama yotsalayo mugulire batire lapadera ndi makina osindikizira zithunzi.

Koma ojambula maukwati muganize mofatsa. R50 imalowa memore khadi limodzi. Likawonongeka, zithunzi zonse zapita, ndipo mwambo wa ukwati sabwereza. Canon EOS R6 Mark II imasunga pa makhadi awiri nthawi imodzi, imajambula bwino m'tchalitchi mwamdima, komanso imapirirako fumbi.

Musathamangire ngongole. Werengani maukwati amene munajambula chaka chatha. Ngati phindu lake silingabweze mtengo wa yodulayo, yambani ndi yaing'ono.