Kudya motchipa ku Yogyakarta osadwala m'mimba

Dzuwa likapendeka mumzinda wa Yogyakarta, pachilumba cha Java ku Indonesia, m'mbali mwa misewu mumatulukira tingolo tamatabwa tofoleredwa ndi lona. Pakangolo kalikonse pamakhala mbaula ya makala, maketulo awiri kapena atatu akufwamphuka, ndi benchi yoti anthu akhalepo mothithikana. Eni dziko amati angkringan. Chakudya chake chodziwika ndi nasi kucing, kampunga kongokwana m'dzanja, kokulungidwa m'tsamba la nthochi pamodzi ndi tsabola wosinja komanso tinsomba ta teri tokhala ngati usipa. Kampukutu kamodzi kamagulidwa ma rupiah 2,000 mpaka 4,000. Mu 2024 dola imodzi ya ku America inkasinthidwa pa ma rupiah pafupifupi 16,000, ndiye kuti munthu ankatha kudya timipukutu titatu, kumwera tiyi, dolayo osaimaliza.

Pamabenchi amenewa pamakhala ophunzira a pa Universitas Gadjah Mada, opalasa njinga za matayala atatu zonyamula anthu, ogwira ntchito usiku ndi alendo a thumba lopepuka. Makolo akamaperekeza mwana wokaphunzira kutali chonchi, kapena mayi akamatsazikana ndi bambo wokaona zamalonda, mawu omaliza amakhala akuti asakadye zam'misewu. Ndi malangizo ochokera pansi pa mtima, koma sapita patali, chifukwa ndalama ya kuhotela imatha sabata isanathe. Komanso mtengo wa chakudya suuza munthu ngati chili chaukhondo. Chomwe chimateteza mimba ndi moto, ndipo chomwe chimagwetsa alendo ambiri ndi zozizira ndi zamadzimadzi: madzi akumwa, madzi oundana, ndiwo zosaphika ndi chakudya chogonera.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chipse mpaka kufika madigiri 70, ndiponso kuti chophikaphika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Ku Yogyakarta masana kumatentha kupyola madigiri 30 ndipo kumakhala chinyontho, nyengo yomwe tizilombo timaswana mofulumira. Pa angkringan, matumbo a nkhuku otungidwa pakamtengo, mazira a zinziri ndi tempe, yemwe ndi soya wosasitsa, zimayalidwa m'thireyi kuyambira madzulo ndithu. Wodziwa amasankha zomwe akufuna n'kuzipereka kwa wogulitsa kuti aziwotchenso, ponena kuti tolong dibakar. Wogulitsa sadabwa nazo, eni dziko amatero tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri salipiritsa kanthu.

Mpunga uli ndi vuto lakelake. Ukakhalitsa pamalo ofunda, kachilombo kotchedwa Bacillus cereus kamatulutsa poizoni yemwe saphedwa ngakhale mpungawo utenthetsedwenso, ndipo munthu amayamba kusanza pasanathe maola asanu ndi limodzi. N'chifukwa chake nasi kucing wa 6 koloko madzulo ndi wa 2 koloko usiku si chakudya chimodzi, ngakhale tsamba la nthochi likuoneka chimodzimodzi.

Mwamwayi, zakudya zambiri zotchipa za mumzindawu zimachoka pamoto n'kulunjika m'mbale. Soto ndi msuzi wa nkhuku kapena ng'ombe womwe umathiridwa ukuwira pampunga, ndipo ndi kadzutsa wa anthu ambiri. Bakmi Jawa, omwe ndi ma noodles a ku Java, amaphikidwa mbale imodziimodzi pambaula ya makala wogula akuyang'ana, moti pamafunika kudekha pakakhala anthu khumi patsogolo. Pecel lele ndi mlamba wokazingidwa m'mafuta otentha pomwepo. Kumwera kwa mzindawu, m'boma la Bantul, kuli sate klathak, nyama ya mbuzi yotungidwa pamasipoko a njinga, omwe amatentha n'kupsetsa nyamayo mpaka mkati. Malo omwe pali chinamtindi cha eni dziko, makamaka amayi ndi ana, ndiye oyenera kulowapo, poti chakudya sichikhalitsa mumphika. Pomwe wogulitsa akuodzera yekha, ntchentche zikumuthandiza kulondera, mpabwino kupitirira.

Gudeg ndiye chakudya chomwe mzindawu umanyadira: chipatso chosakhwima cha nangka, chomwe ena amachidziwa kuti jackfruit, chophikidwa maola ambiri mumkaka wa kokonati ndi shuga wa mgwalangwa mpaka chitafiira. Msewu wa Wijilan, pafupi ndi nyumba ya mfumu ya mzindawu, ndi wa gudeg wokhawokha. Gudegyo alipo wouma ndi wamsuzi. Wamsuziyo sachedwa kusasa chifukwa cha kokonati, choncho ngodyera pomwepo, osati kusungira mawa m'chipinda chopanda firiji. Chimodzimodzinso malo odyera otchedwa warteg ndi a Padang, komwe ndiwo zimaphikidwa m'mawa n'kuyalidwa pawindo lagalasi: nthawi yake ndi ya nkhomaliro, zikadali zatsopano. Ku malo a Padang akatandika timbale tambiri patebulo, munthu amalipira tokhato tomwe wakhudza. Kuloza ndiwo ziwiri pakauntala n'kuziika pampunga kumatchipa kwambiri.

Mtengo ndi wofunsa munthu asanakhale pansi, makamaka m'dera la alendo la Malioboro, komwe nkhani zokweza mitengo kwa obwera zakhala zikumveka. Mawu ake ndi berapa harganya. Kuyambira mu February 2022 ogulitsa a m'mbali mwa msewuwu adasamutsidwira kumalo otchedwa Teras Malioboro, ndipo malo ambiri amakhoma mitengo pakhoma.

Mbale ya pecel lele, mlamba wotentha uja, imabwera ndi lalapan pambali, kutanthauza nkhaka, kabichi ndi masamba onunkhira, zonse zosaphika. Palibe akudziwa madzi omwe zatsukidwira. Mlendo wongofika kumene angachite bwino kudya nsomba ndi mpunga, zamasambazo n'kuzisiya, kapena kupempha kabichi wokazinga yemwe ogulitsa ambiri amakhala naye. Gado-gado ndi lotek ndi ndiwo zofutsa zothira msuzi wa mtedza, ndipo ubwino wake umadalira ngati msuziwo wasinjidwa pomwepo ndi madzi owiritsa. Zipatso zosendasenda zogulitsidwa m'galasi zagwiridwa kale ndi manja komanso mpeni wa wina, pomwe nthochi, rambutan, manggis ndi salak wa ku Sleman munthu amasenda yekha, ndipo pamsika wa Beringharjo n'zotchipa. Amene thupi lake limadana ndi mtedza kapena nkhanu za m'nyanja asamale kwambiri: mtedza uli paliponse, ndipo tsabola wosinja wa sambal nthawi zambiri amasakanizidwa ndi terasi, phala la tinkhanu tosasitsa.

Kambale ka madzi, nthawi zina kokhala ndi kachidutswa ka ndimu, komwe amaika patebulo ndi kosambira zala, si kakumwa. Sikalowanso m'malo mwa sopo. Anthu kumeneko amadya ndi dzanja lamanja, ndipo dzanjalo likhale litasambidwa ndi sopo pampopi, kapena kupakidwa sanitaiza yemwe sayenera kuchoka m'chikwama.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Ku Indonesia madzi a pampopi samwedwa osawiritsa, ndipo eni dziko nawonso samwa. Mabanja amawiritsa, kapena amagula chigubu cha malita 19 chomwe amachitcha galon. Kwa wapaulendo, botolo la lita imodzi ndi theka la Aqua kapena mtundu wina wodziwika limapezeka m'masitolo a Indomaret ndi Alfamart, omwe ali pafupifupi m'msewu waukulu uliwonse, ndipo botolo limodzi lalikulu limatchipa kusiyana ndi ang'onoang'ono atatu. Chivindikiro chikhale chosatsegulidwapo. Wokhalitsa, monga mwana wasukulu, amapulumutsa ndalama pogula galon, koma adziwe kuti zigubuzi zili mitundu iwiri. Zina zimachoka kufakitale zitamatidwa. Zina zimadzazidwa m'timashopu ta m'makwalala totchedwa isi ulang, pamtengo wotsika kwambiri, ndipo ukhondo wake umadalira mwini shopu ngati amasamala makina ake. Madzi a isi ulang ndi bwino kuwawiritsa mpaka atabwadamuka kwa mphindi imodzi. Masiku oyambirira, ngakhale potsuka mano mpofunika madzi a m'botolo.

Ndalama ya madzi abwino ndi yochepa poyerekeza ndi ya bedi la kuchipatala m'dziko la eni, kumene mlendo amalipira yekha ngati alibe inshulansi.

Madzi oundana ndiwo amapusitsa anthu osamala omwe. Munthu amakana madzi a pampopi tsiku lonse, kenako dzuwa likamuwamba n'kuitanitsa es teh, tiyi wozizira yemwe theka lake ndi ayisi. Kuzizira sikupha tizilombo, kumangotisunga. Ayisi wa timachubu tokhala ndi bowo pakati amachokera kufakitale zopangira ayisi wakumwa ndipo ndi wodalirikako. Wa chimwala chachikulu, yemwe amabwera atakokedwa pansi n'kuswedwa ndi chitsulo, ntchito yake yeniyeni ndi kuziziritsa nsomba ndi mabotolo. Posaona bwino, mawu ndi awiri okha: tanpa es, popanda ayisi. Zakumwa zotentha sizisowa ndipo ndi zotchipa kuposa zonse. Pali teh panas, wedang jahe wa jinja, komanso kopi joss wa kufupi ndi siteshoni ya sitima ya Tugu, khofi yemwe wogulitsa amaponyamo khala lamoto mpaka kapu ichite phokoso.

Koma tiyi wa ku Yogyakarta amabwera ndi shuga wambiri ngati munthu sananene kanthu, ndipo gudeg ndi ndiwo zina zambiri n'zotsekemera. Odwala shuga anene kuti tawar kuti alandire tiyi wopanda shuga. Odwala BP achepetse zokazinga za gorengan ndi ma noodles a Indomie, ngakhale ndizo zimakopa mwezi ukafika pakati. Wosazolowera tsabola anene kuti tidak pedas, chifukwa tsabola wa kumeneko payekha amatha kutsegula m'mimba popanda kachilombo kalikonse.

Pali chinthu chimodzi chotchipa chomwe sichiyenera kulawidwa n'komwe. Mowa wovomerezeka ku Indonesia ndi wodula chifukwa cha misonkho, ndiye m'makwalala mumayenda wosakanizasakaniza wotchedwa oplosan, wogulitsidwa m'mapulasitiki ndi m'mabotolo akale a madzi. Nthawi zina umakhala ndi methanol, mankhwala a m'mafakitale omwe munthu sangawazindikire pakamwa. Mu February 2016 anthu oposa 20, ambiri mwa iwo ophunzira, adamwalira atamwa mowa wotere womwe udapangidwa ku Sleman, pafupi ndi mzinda womwewu. Mu April 2018 ena oposa 80 adamwalira ku Jakarta ndi ku West Java, ndipo mu 2009 pachilumba cha Bali padafa anthu 25, kuphatikizapo alendo ochokera kunja. Choopsa chake n'chakuti poyamba munthu amangooneka woledzera wamba. Pakapita maola 12 mpaka 24 mpamene mutu umayamba kuwawa, kusanza, kupuma mothamanga, maso n'kuchita chidima. Woteroyo asagonekedwe kuti matsire athe. Anzake athamangire naye kuchipatala chachikulu, monga RSUP Dr. Sardjito, ndipo adokotala auzidwe zomwe wamwa. Nambala ya ambulansi ndi 119.

Ngakhale wosamala kwambiri mimba imatha kumutembenukira, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha m'masiku awiri kapena atatu. Chofunika ndi kubwezera madzi m'thupi. Mankhwala omwe kuno ku Malawi timawadziwa kuti Thanzi ORS kumeneko amatchedwa Oralit, ndipo amagulitsidwa m'malo ogulitsira mankhwala olembedwa kuti apotek. Apa pali msampha: paketi wamba ya Oralit ndi yosungunula mu tambula imodzi ya mamililita 200, osati mu lita yathunthu monga ambiri adazolowera. Woithira mu lita amangomwa madzi opanda mphamvu, choncho zolembedwa papaketi ziwerengedwe. Zikasoweratu, masupuni a tiyi asanu ndi imodzi a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa zimathandiza. Mwana apitirize kuyamwa ndi kudya, apatsidwenso zinc kwa masiku 10 mpaka 14. Bubur ayam, phala la mpunga la nkhuku logulitsidwa m'mawa, ndi chakudya chabwino kwa wodwala, bola lisathiridwe tsabola.

Mapiritsi oimitsa kutsegula m'mimba monga loperamide si a ana aang'ono, ndipo sayenera kumwedwa ngati chimbudzi chili ndi magazi kapena thupi latentha. Zizindikiro ziwirizi, komanso kusanza chilichonse, kusiya kukodza, kapena kutsegula kopitirira masiku atatu, ndi za kuchipatala. Zipatala zazing'ono za boma zotchedwa puskesmas zili m'dera lililonse ndipo ndi zotsika mtengo. Amayi oyembekezera, okalamba ndi omwe chitetezo cha m'thupi chidatsika asadikire masiku atatuwo.

Matenda awiri oyenda ndi chakudya ndi madzi ali ndi katemera: tayifodi, yemwe ku Indonesia ndi wofala moti aliyense amamudziwa kuti tipes, ndi matenda a chiwindi a hepatitis A. Katemera alandiridwe kutatsala masabata awiri kuti ulendo uyambe kapena kale kuposa apo. Dziko la Malawi lidayamba kupereka katemera wa tayifodi mu 2023 kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15, ndiye akuluakulu ambiri sadabayidwe ndipo ayenera kukafunsa okha kuchipatala. Matenda onse awiriwa amabisala: tayifodi amaonekera pakadutsa sabata imodzi mpaka atatu, hepatitis A masabata awiri mpaka asanu ndi awiri. Wapaulendo akhoza kutsika ndege ali bwinobwino, n'kudzayamba kutentha thupi kapena kuchita chikasu m'maso ali kale pakhomo. Apabanja asathamangire kugula mankhwala a malungo pagolosale. Apite naye akayezedwe, auze adokotala dziko lomwe wachokera ndi tsiku lomwe adabwera, ndipo wodwalayo asaphikire ena mpaka achipatala atamulola.