PHUNZIRO LA ZAUMOYO: MWANA WA KHANSA AKAMASANZA

Amayi anzathu, kuno kunyanja kumene malungo sakata, khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba mwa ana si yachilendo. Dzina lake ndi Burkitt lymphoma, potengera dokotala Denis Burkitt amene anaifotokoza ku Uganda mu 1958. Khansayi imakula msanga, koma ana ambiri amachira akamaliza mankhwala. Ana ochokera ku Malindi, Nkope ndi Mpondasi amatumizidwa ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre kukalandira mankhwala amphamvu otchedwa chemotherapy.

Mankhwalawa amabweretsa mseru ndi kusanza. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa kuti apa ndi pamene makolo ena amataya mtima n'kuthawa ndi mwana, poganiza kuti mankhwala akumupha. Kusanzaku sikutanthauza kuti matenda akula ayi. Kuli ndi mankhwala ake, monga ondansetron. Tiwafunse kwa anamwino mopanda mantha.

Ena amva za njira ya ku China yotchedwa acupuncture, yobaya tisingano topyapyala m'malo osankhika a thupi. Malo odziwika pa mseru ali mkati mwa mkono, zala zitatu kuchokera polumikizira dzanja. Mu 2008 madokotala a ku Germany anayesa njirayi pa ana 23 odwala khansa, ndipo anawo anasanza mocheperako. Koma anali ana ochepa, ndipo mankhwala oletsa kusanza sanawasiye. Mu 2018 kafukufuku wina wokulirapo anapeza kuti zibangili zotsindika malo omwewo sizinachepetse mseru mwa ana. Choncho njirayi ndi yongothandizira. Siichiza khansa, ndipo silowa m'malo mwa mankhwala.

Chenjezo lathu lalikulu ndi ili: acupuncture si mphini. Amabaya ndi munthu wophunzira, ndi singano zatsopano, dokotala atavomereza. Mwana amene ali pa chemotherapy chitetezo chake chimatsika ndipo magazi ake sachedwa kutuluka koma amavuta kuleka. Kumutema mphini ndi lumo kungamulowetse tizilombo m'magazi, mwana n'kutisiya.

Nanga kunyumba tingachite chiyani? Timupatse phala pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Amwe madzi owiritsa kapena Thanzi ORS. Tikamakazinga usipa kapena utaka, mwana akhale patali, chifukwa fungo limadzutsa mseru. Akamasanza chilichonse, kapena thupi likatentha, tithamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Ndipo tsiku lobwerera ku Gulupu lisaphonyedwe, ngakhale chotupa chitaoneka kuti chaphwa.

Mafunso okambirana:
1. Kodi tingamuyankhe bwanji mayi amene apongozi ake akumukakamiza kupita ndi mwana kwa sing'anga?
2. Gulu lathu lingathandize bwanji pa ndalama yoyendera, ndi posamala ana otsala pakhomo mayi akakhala kuchipatala?