Chidindo cha Maluwa ndi Mapensulo a Chekeni: Pangani Makhadi Okongola Pamanja

Kapepala aka nka magulu a amayi, achinyamata ndi aphunzitsi amene akufuna kupanga makhadi a ukwati, a chinkhoswe, a Khirisimasi kapena a Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. Simufunika kudziwa kujambula. Chidindo ndicho chimajambula duwa, inu ntchito yanu ndi kulipaka mitundu. Luso lonse lagona pa dzanja: pakani mopepuza, mobwerezabwereza, osasindikiza pensulo.

Zipangizozi nzotani?

Chidindo ndi labala yogobedwa chithunzi cha duwa. Zilipo zofiira zomatidwa pa kathabwa, zilipo zoonekera mkati zimene mumamata pa kapulasitiki kolimba podinda. Zoonekerazi nzabwino kwa ongoyamba chifukwa mumaona pamene duwa likugwera.

Pensulo ya chekeni ili ndi mtima wa utoto wosakaniza ndi phula kapena mafuta, wokutidwa ndi mtengo. Mapensulo ochuluka phula, monga Prismacolor, ndi ofewa, amasakanikirana msanga koma amatha msanga ndipo nsonga yake sichedwa kuthyoka. Amafuta, monga Polychromos amene kampani ya Faber-Castell ya ku Germany idayamba kupanga mu 1908, ndi olimbirako ndipo nsonga yake imakhalitsa, choncho amathandiza pa timizere ta masamba. Palinso ena osungunuka ndi madzi, amene mukapaka mumadutsitsapo kabulashi konyowa.

Musadandaule ngati amenewa sakupezeka kwanuko. Paketi wamba ya mitundu 12 ya m'sitolo yogulitsa zipangizo za sukulu ndi yokwanira kuyambira, malinga ngati muli yachikasu, yaolenji, yofiira, yabuluu, yobiriwira, yabulawuni ndi yoyera.

Zoyenera kukhala nazo

1. Chidindo chimodzi kapena ziwiri za maluwa a mizere yotalikirana, kuti pakhale malo opakapo.
2. Inki yakuda kapena yabulawuni ndi padi yake. Ngati mugwiritsa ntchito mapensulo amadzi, inki ikhale yosasungunuka ikauma.
3. Pepala lokhuthala, lolembedwa 200 mpaka 300 gsm pa paketi. Pepala la fotokope ndi 80 gsm, nlopyapyala, liyenera poyeserera pokha.
4. Chosongolera chakuthwa, chofufutira, lula, sizasi ndi guluu.
5. Maenvulopu a C6.

Pepala limodzi la A4 likadulidwa pakati limatulutsa mapepala awiri a A5. Lililonse mukalipinda pakati likhala khadi la A6, la mamilimita 105 m'lifupi ndi 148 m'litali, ndipo limalowa bwino mu envulopu ya C6.

Kusankha pepala

Sisitani pepala ndi chala. Loyenera limamveka kukhakhala pang'ono, pakuti lili ndi timaenje ting'onoting'ono timene timapala utoto ku pensulo nkuusunga. Pepala lonyezimira lilibe timaenjeti, pensulo imangoterereka.

Mapepala opangidwa pamanja, monga a ulusi wa nthochi kapena a mapepala akale amene bungwe la PAMET ku Blantyre lidadziwika nawo, amakhala okhakhala kwambiri ndipo amamwa inki, moti mizere ya chidindo imadukaduka. Dindani duwa pa pepala loyera losalalirako, lipakeni, kenaka mulidule ndi kulimata pa khadi la pepala lapamanjalo.

Kugoba chidindo chanu

Ngati chogula palibe, tengani chofufutira chachikulu choyera kapena chidutswa chosalala cha silipasi yakutha. Jambulani duwa pa kapepala ndi pensulo wamba, gadabuzani kapepalako pa labala nkukwecha kumbuyo ndi chikhadabo. Chithunzi chitsalira pa labalapo. Gobani ndi kampeni kakuthwa mbali zonse zimene simukufuna kuti zioneke, musiye mizere yokha itatumphuka. Kumbukirani kuti chidindo chimatembenuza chithunzi: chakumanja chimatuluka kumanzere. Njira yogadabuza kapepalayi imakonzeratu zimenezi, ngakhale pa zilembo. Pogoba, mpeni uziloza kutali ndi zala, ndipo ana asagwire ntchito imeneyi.

Kudinda

Yalani nyuzipepala zingapo pa tebulo losagwedera, pepala pamwamba. Gogodani chidindo pa padi mopepuka kangapo mpaka mizere yonse itada. Chitsitseni pa pepala molunjika, sindikizani paliponse ndi chikhatho, osachigwedeza, nkuchinyamula molunjikanso. Yesani kaye pa pepala lotaya. Dikirani inki iume ndithu. Mukafulumira, pensulo yachikasu ikoka inki nkudetsa duwa lonse.

Kupaka mitundu: chitsanzo cha mpendadzuwa

Musanayambe, thyolani duwa lenileni muliike patsogolo panu. Mudzaona kuti palibe duwa la mtundu umodzi. La therere ndi lachikasu chotuwirako koma pakati pake pali kadontho kofiira moderako. La mbatata limayera m'mphepete nkumka lida chamkati. Mpendadzuwa nawo uli ndi chikasu chowala kunsonga ndi chaolenji kutsinde kwa timasamba take.

Sankhaninso mbali imene kuwala kukuchokera, mwachitsanzo kumanzere chakumwamba, ndipo musasinthe mpaka duwa lithe. Mbali imeneyo ikhala yowala, inayo yoderako.

1. Songolani pensulo yachikasu. Igwireni chakumbuyo, kutali ndi nsonga, kuti dzanja lilephere kusindikiza. Pakani kasamba kalikonse mozungulizazunguliza timizere ting'onoting'ono. Pepala lizionekerabe pansi.
2. Tengani yaolenji. Yambirani kutsinde kwa kasamba, kokerani chakunsonga mukupepuza dzanja, mulekezere pakati. Mizere itsate mmene kasambako kakhotera.
3. Pamene kasamba kena kabisala kunsi kwa kanzake, ikani kamthunzi kopyapyala ka bulawuni. Apa mpamene duwa limatumphuka pa pepala.
4. Bwererani ndi yachikasu pamwamba pa zonse, makamaka pamene mitundu iwiri yakumana, mpaka malire asaoneke.
5. Pakati pa duwa pakani bulawuni, nkudonthezamo timadontho ta buluu woderako mbali ya mthunzi.
6. Masamba ndi phesi yambani ndi chikasu, pamwamba pobiriwira, m'mithunzi kabuluu pang'ono. Wobiriwira wa m'paketi payekha amaoneka ngati wa pulasitiki.
7. Pomaliza penipeni, ndi pokhapo, sindikizani. Kwechani ndi pensulo yoyera kapena yachikasu mpaka timaenje ta pepala titsekeke ndipo mtundu usalale.

Chifukwa chosungira mphamvu kumapeto nchakuti timaenje tija tikaphwanyika kapena kudzaza phula, pepala sililandiranso utoto wina. Zili ngati kuzira m'nyumba: dothi lopyapyala lobwereza limagwira, lounjika kamodzi limang'ambika. Wopaka mopepuza angathe kusanjikiza mitundu inayi kapena isanu, ndipo mwa njira imeneyi paketi ya 12 imabala mitundu yambiri. Buluu pansi, wofiira pamwamba, mupeza pepo. Chikasu ndi wofiira, mupeza olenji.

Pensulo yakuda isungireni zilembo. Pa duwa imapha mtundu. Mthunzi wa duwa lofiira upangeni ndi wobiriwira pang'ono kapena pepo, wa lachikasu ndi bulawuni kapena pepo wopepuka.

Zovuta ndi mankhwala ake

*Nsonga ikungothyoka mukamasongola:* mtima udasweka mkati pensulo itagwa pansi, kapena chosongolera chabuntha. Sinthani chosongolera, ndipo mapensulo azikhala m'kabokosi.

*Duwa likuoneka mizeremizere:* mwasindikiza msanga kapena nsonga njobuntha. Pa khadi lotsatira songolani pafupipafupi ndi kuchepetsa mizunguliro.

*Patuluka kautsi koyera pa mitundu yakuda patapita masiku:* ndi phula lakwera pamwamba. Pukutani mopepuka ndi kansalu kofewa kouma.

*Khadi lada ndi dzanja:* ikani kapepala koyera pansi pa dzanja lopakira. Tinyenyeswa ta utoto tiuzireni, musatisese ndi chala.

*Mwapyola mzere:* gogodani ndi ngodya ya chofufutira, osakwecha. Utoto wa phula sufufutika wonse, choncho pafupi ndi mzere chepetsani liwiro.

Kusamala zipangizo

Pukutani chidindo ndi kansalu konyowa mukangomaliza, inki isanaumire m'mizere. Chisungeni pamthunzi, poti dzuwa limaumitsa labala mpaka kung'aluka. Padi izikhala yotseka nthawi zonse. Makhadi otha aikeni m'bokosi louma, chifukwa chinyezi cha m'dzinja chimapinda pepala, ndipo mitundu ina ya mapensulo otchipa, makamaka pinki ndi pepo, imafwifwa ikakhalitsa padzuwa. Timapensulo tofupika musataye. Tilowetseni m'kabango kuti mupeze pogwira.

Mukafuna kugulitsa

Gawanani ntchito pagulu: wina kudula ndi kupinda, wina kudinda, ena kupaka. Dindani maluwa ambiri tsiku limodzi, mupake mawa lake inki itauma bwino. Powerengera mtengo, phatikizani pepala, envulopu, guluu, gawo la inki ndi mapensulo, ulendo wa kumsika, ndiponso nthawi imene khadi limodzi lakudyerani. Ngati chidindo nchogula, funsani ngati wochipanga amalola kugulitsa makhadi odindidwa nacho. Chogoba nokha chilibe funso limeneli.

Musanakhudze pepala lodula, dindani duwa limodzimodzi kasanu ndi kamodzi pa pepala la fotokope, mulipake mosiyanasiyana, nkulemba pambali mapensulo amene mwagwiritsa ntchito ndi ndondomeko yake. Gulu lisankhe maluwa awiri okongola koposa, ndipo pepalalo lisungidwe kuti aliyense wopaka azitsata zomwezo pamene oda yabwera.