Musanagulitse mbuzi chifukwa cha chamba cha mankhwala

Ana anga a ku Feira, nkhani ya chamba cha mafuta a CBD yafika ngakhale kuno kumathero a msewu, kumene Luangwa amathira mu Zambezi. Obwera nayo amaonetsa minda yobiriwira pafoni, n'kumati boma lidaloleza, sonkhani ndalama mugule masheya. Kuloleza n'koona. Nduna zidavomereza mu December 2019, ndipo mu 2021 padakhazikitsidwa malamulo awiri, Cannabis Act ndi Industrial Hemp Act. Koma ololedwa kulima ndi okhala ndi laisensi okha. Wopanda pepalalo, a DEC, olimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, akampeza ndi mitengo khumi kuseri kwa nyumba, nkhani yake imakathera kukhoti.

Mbewu yakeyo njovuta kuposa mmene amanenera. Lamulo la Industrial Hemp Act limati THC, chinthu choledzeretsa chija, isapyole 0.3 peresenti. Tsoka lake n'lakuti duwa likamakhwima, CBD ndi THC zimakwera limodzi. Mlimi amafuna kudikira kuti mafuta achuluke, koma akachedwa pang'ono kukolola, munda wonse wasanduka chamba choletsedwa. Diso silingaone zimenezi, mphuno siinganunkhize. Zimadziwika kulabotale, ndipo kuchoka pano kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 300.

Mafutawo amakhala m'maluwa a mtengo waukazi womwe sudalandire mungu. Mtengo waumuna umodzi ukaiwalika m'munda, kapena mphepo ikabweretsa mungu wa chamba cholimidwa mobisa m'tchire, maluwa amadzaza njere ndipo mafuta amachepa. Palinso nkhani ya dzuwa imene ogulitsa mbewu saitchula. Mitundu yambiri idapangidwira ku Europe ndi ku America, kumene nthawi yolima usana umatha maola 15 kapena kuposa. Kwathu kuno usana wautali ndi wa maola 13. Mbewu yoteroyo imafulumira kuchita maluwa ikadali m'mawondo, n'chifukwa chake makampani amamanga nyumba za pulasitiki n'kuyatsamo magetsi usiku. Onjezanipo pampu yothirira, poti mvula ya m'chigwa chino mukuidziwa, ndi mpanda wotchinga njovu zimene zimatilowera m'minda chaka ndi chaka kwa a Mfumu Mburuma ndi kwa a Mfumu Mphuka. Mbuzi zisanu sizingalipire zonsezi.

Tinene kuti mwakolola bwino. Agula ndani? Ku America adaloleza mbewuyi mu 2018, ndipo mu 2019 alimi adatenga ziphaso za maekala oposa 500,000. Katundu adasefukira, mtengo udagwa chaka chisanathe, ndipo kampani yaikulu yofinya mafuta ya GenCanna ku Kentucky idagwa ndi ngongole mu February 2020. Pofika 2021, maekala olimidwa anali pafupifupi 54,000 basi. Amenewo ndi alimi a mathirakitala ndi mabanki.

Za anansi athu a ku Malawi zimandiwawa kwambiri. Lamulo lawo lidadutsa mu February 2020, anthu atatopa ndi mitengo ya fodya. Laisensi ya chamba cha mankhwala idali madola 10,000, ndalama yomwe mlimi payekha sangaipeze, motero anthu adapanga makopaletivi, ena adakongola, ena adagulitsa ziweto. Pofika 2022 madandaulo anali m'nyuzi: chamba chili m'matumba, wogula amene adalonjeza sakuoneka. Fodya kapena nandolo ukhoza kukagulitsa kwa vendala motchipa. Chamba sungaime nacho pamsika.

Sindikunena kuti CBD ndi bodza. Mu 2018 boma la America lidavomereza mankhwala otchedwa Epidiolex, othandiza ana odwala mitundu ina yovuta ya khunyu. Koma phindu lalikulu limatsala kwa amene ali ndi makina ofinyira, labotale ndi ziphaso zotumizira katundu kunja. Mlimi amasenza ngozi ya mvula, ya THC ndi ya msika.

Tsono munthu akabwera ndi nkhaniyi, mpatseni mpando, kenako mum'pemphe nambala ya laisensi yake, mutume mnzanu akaifunse ku ZAMRA, bungwe loona za mankhwala, ndi ku DEC. Muone mgwirizano wolembedwa wotchula mtengo pa kilogalamu, wolipira labotale, ndi amene aluze munda ukapyola malire a THC. Wogula weniweni amaika ndalama zake patsogolo. Amene akuti muyambe ndinu kulipira maphunziro, mbewu ndi umembala wapeza kale msika wake, ndipo msikawo ndi inuyo.

Amene mtima uli pa ntchito imeneyi, ndikukulimbikitsani sukulu. Kaphunzireni zaulimi ku koleji ya NRDC kapena sayansi ku yunivesite ya UNZA, mukalowe pakampani yokhala ndi laisensi, muphunzire kuthirira, kuumitsa ndi kuyeza mukulandira malipiro. Mpamba wanu wochepawo uzizungulirabe mu nsomba zouma, masau ndi mphasa, zimene wogula wake amatsika basi pa Luangwa Bridge n'kulipira pompo.