Mwana akagwidwa ndi apolisi, kholo lithamangire kumeneko

Kuno ku Luangwa Boma milandu ya ana si yachilendo. Wina wapezeka ndi ukonde m'miyezi yoletsa usodzi, wina watchera msampha kufupi ndi paki ya Lower Zambezi, wina watola foni pamsika. Makolo ambiri akamva amapsa mtima n'kunena kuti, "Msiyeni agone komweko, aphunzirepo." Chonde musatero. Usiku umodzi m'chitokosi pamodzi ndi akuluakulu ungathe kuwononga mwana kuposa mlandu umene wapalamulawo.

Lamulo linasintha. Mu 2022 Zambia inakhazikitsa Children's Code Act, m'malo mwa Juveniles Act ya 1956. M'chaka chomwecho msinkhu woti mwana n'kuimbidwa mlandu unakwera kuchoka pa zaka 8 kufika pa 12. Choncho chinthu choyamba kunyamula popita kupolisi ndi umboni wa zaka zake: setifiketi ya kubadwa, khadi la kusikelo, kapena kalata ya kusukulu. Mnyamata wopalasa bwato amakhala wathupi lalikulu, mapewa otambalala, manja okhakhala, ndipo wapolisi angamuyese wa zaka 20 pamene ali ndi 15. Pepala ndi limene lingamuteteze. Ngati mwanayo anabadwira kutsidya kwa malire, ku Zumbo kapena ku Kanyemba, ndipo mapepala mulibe, pitani kwa aphunzitsi aakulu kapena kwa anduna a mudzi akulembereni umboni msanga.

Mukafika, lankhulani mwaulemu koma musachite mantha. Funsani kuti, "Bwana, mwanayu wamangidwa pa mlandu wanji?" Pemphani kuti aitane wa ofesi ya Social Welfare, ndipo apolisi asamufunse mwanayo mafunso kapena kumusainitsa chilichonse inu kapena mkulu wina womuimira palibe. Asatsekeredwe pamodzi ndi akuluakulu, ndipo mtsikana aziyang'aniridwa ndi wapolisi wamkazi. Kumumenya kuti aulule n'kuphwanya lamulo. Mukaona mabala, mupite naye kuchipatala akalembe. Polisi bondi ndi yaulere, musapereke ndalama.

Kenaka funsani ngati nkhaniyo ingathe popanda kupita kukhoti. Apa m'pamene lamulo latsopanoli landikhutiritsa kwambiri. Pa milandu ing'onoing'ono, mwana akavomera yekha kulakwa kwake mosakakamizidwa, angathe kungochenjezedwa, kupepesa, kubweza chimene anatenga, kapena banja lake ndi la wolakwiridwayo n'kukhala pansi pamaso pa wa Social Welfare. Ndi mmene makolo athu ankaweruzira pansi pa mtengo, ndipo mwanayo sasiya sukulu. Koma musamukakamize kuvomera chimene sanachite pofuna kuti nkhani ithe msanga.

Mlandu ukafika kukhoti la ana, musajombe tsiku ndi limodzi lomwe. Anthu wamba saloledwa kudzamvera, ndipo dzina la mwanayo siliyenera kufalitsidwa, ngakhale ndi inu achibale pa Facebook kapena WhatsApp. Ngati mulibe ndalama za loya, pemphani thandizo la Legal Aid Board. Kumutumiza kumalo osungira ana olakwa monga ku Katombora ku Kazungula kapena ku Nakambala ku Mazabuka kuyenera kukhala njira yomaliza, ndipo malo amenewo ali kutali kwambiri ndi kuno, kotero kuti kukamuona kungakhale kwa apo ndi apo.

Mukasowa mtengo wogwira, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Isungeni mu foni lero lomwe.